Indosidi ndi Asipirini M'mimba Mopanda Kanthu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Bambo anga ankasamala maluwa ndi kapinga kwa a Gondwe, bwana wa m'boma, ku Area 15. Ife tinkakhala m'kanyumba ka kuseri. Pabanja pathu wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha.

Bondo la bambo linatupa. Kuchipatala anawapatsa indosidi, mankhwala ochotsa kutupa. Ululu utachedwa kutha, anandituma ku Old Town kukagula asipirini.

"Tawerenga, iwe wa sukulu," anatero. "Ndi amodzi?"

Ndinayang'ana timapepala ta mankhwala awiriwo. Mayina osiyana, maonekedwe osiyana.

"Ndi osiyana, bambo. Imwani onse."

Anamwa sabata yathunthu, m'mawa uliwonse asanadye kanthu. Lachisanu masana anagwa pafupi ndi mpopi, nasanza zakuda bii.

Mayi Gondwe anali namwino. Anatuluka opanda nsapato, nagwada m'matope momwemo. Anakoka chikope cha bambo. M'kati munali mbee!

"Akutaya magazi m'mimba," anatero. "Bweretsa mankhwala onse amene akumwa. Thamanga!"

Munthu aone za m'mimba pongoyang'ana m'diso? Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita nthumanzi.

Bambo anapita kuchipatala pa galimoto ya a Gondwe, imene ankaitsuka koma anali asanaikwerepo. Anawaika magazi. Anachira.

Bambo atabwerako, mayi aja anandiitana pakhonde, nayala mapiritsi a mitundu itatu pa mbale.

"Awiri awa, indosidi ndi asipirini, ndi apachibale, mwana wanga. Onse amakanda m'mimba. Osawaphatikiza, ndiponso osamwa usanadye. Uyu panado ndi wa mtundu wina. Angathe kuyenda ndi indosidi, bola osapyola muyezo, ndipo uyambe wafunsa adokotala. Anawauza ndani bambo ako kuti amwe onse?"

Bambo anali chapafupi, akunola chikwanje.

"Ndinaganiza ndekha, mayi," anayankha.

Sanandimenye. Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yawo.

Tsopano ndikudziwa kuti mankhwala ali ndi mitundu yawo, ndipo amene anaphunzira za thupi ndiye amaidziwa. Mawondo anga nawo atupa. Ndikapita kuchipatala ndimakhuthula thumba lonse la mankhwala patebulo, ngakhale ogula ndekha pa golosale, n'kufunsa limodzilimodzi. Mdzukulu wanga amati ndimachedwetsa mzere.

Mzerewo udikire.