Overtone ndi Timiphika ta ku Brampton

Bambo Overtone ankagwira ntchito yothirira maluwa m'nyumba ya magalasi ya Mayi Bertha ku Brampton. Kumudzi anali mlangizi wa zaumoyo ku Chikwawa, munthu woyenda khomo ndi khomo kugudubuza miphika ndi zigoba za madzi kuti udzudzu usaswane. Anachokako mu 1974 mothawa, atalankhula molakwika pamsonkhano wina, ndipo ankadziwa kuti akadzangobwerera, a polisi adzamulandirira pabwalo la ndege. Chilolezo chake chokhalira ku Canada chinali chomangirira pa ntchito ya maluwayi. Nchifukwa chake abwana akangotsokomola, mtima wa Overtone unkalumpha.

Pangodya ya nyumbayo panali chomera china chimene Mayi Bertha ankachikonda ngati mwana. Chinachokera ku chilumba cha Borneo, dzina lake losadziwika, ndipo chinakhala zaka chikungotulutsa masamba. Kenaka nsonga za masambawo zinalendewetsa timiphika tofiira, kalikonse ndi kachivundikiro kake. Mayiwo anaitana katswiri wa zomera, chifukwa mtundu wake umadziwika ndi timiphikato, ndipo ukadziwika ndiye kuti adziwanso ngati kwawo ndi kuphiri kozizira kapena kuchigwa kotentha.

Tsiku lina abwana atachoka, Overtone anasuzumira m'kamphika kamodzi. Mayo ine! Madzi odikha, ntchentche zakufa zikuyandama. Manja anayamba ntchito mutu usanafunsidwe. Anapendeketsa timiphika tonse, nakhuthula madziwo, napukuta m'kati ndi kansanza. Atayang'ana m'chitini chomwe chinadzalidwamo anachita chisoni, poti munalibe dothi koma ndere zokhazokha. Chomera cha abwana n'kumagona ndi njala? Anachithira manyowa a nkhuku, nachoka akudzitama mumtima.

Sabata isanathe timiphika tinayamba kufota, nsonga za masamba n'kumada. Overtone anagwidwa ndi mantha enieni. Pabasi ankangoona nkhope za a polisi omudikira kwawo. Mkazi wake Zelipa anamulangiza kuti aulule msanga, koma iye anangoti, "Iwe, ukufuna ndidzikumbire manda ndekha?"

Loweruka katswiri uja anafika, munthu wamtali wosalankhulalankhula. Anatola kamphika kofota, nayang'ana mlomo wake wa mizeremizere, natembenuza chivundikiro kuona kunsi kwake. Overtone anali chiimire kuseri kwa maluwa ndi chitini chothirira.

"Ichi n'cha kuphiri," anatero katswiriyo. "Kwawo n'kumtunda kwa nkhungu, kozizira usiku, kumene mvula inakokolola chonde chonse. Mizu yake sidziwa manyowa. Chimadya tizilombo togwera m'madzi a m'timiphikamu. Koma madziwo ali kuti?" Anapisa chala m'ndere zija, nanunkhiza, natukula nsidze.

Mayi Bertha anatembenuka pang'onopang'ono. "Overtone, wachita chiyani?"

Chingerezi chonse chinamuthawa, chinangotsala chobalalika. Anafotokoza za malungo, za ana amene anawaona akufa ku Chikwawa chifukwa cha madzi a m'chigoba, za mlimi amene sasiya mbewu yake pamchenga. Misozi inali ikutsika, bambo wamkulu ndithu, ndipo sanaipukute.

Nkhope ya mayiwo inali psuu. Kenaka anafunsa katswiriyo ngati chingachire. Iye anati mwina, ngati mizu itsukidwa lero lomwe ndi madzi a mvula, osati a pampopi.

"Mvula mu Januwale ndiipeza kuti?" anatero Mayi Bertha. Analoza panja pomwe panali chipale chofewa mbuu. "Tenga ndowa, ukatape icho, usungunule. Waononga ndiwe, uchiritsanso ndiwe. Ndipo Lolemba usachedwe."

Lolemba! Ndiye kuti ntchito ikadalipo. Overtone anathamangira panja osavala ndi magolovesi omwe. Anatapa chipale mpaka zala zinafa dzanzi, natsuka muzu uliwonse ngati akusambitsa khanda.

Madzulo atatsegula chitseko cha kanyumba kawo, anapeza Zelipa atakhala pa sutukesi yomangamanga kale, atavala jasi, Baibulo lili pamiyendo. Mayiyo anayang'ana nkhope ya mwamuna wake.

"Masula katunduyo, mayi," anatero Overtone. "Sitikupita."