Bokosi Lachisanu ndi Chiwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinalandira udindo waukulu kuposa maudindo onse amene ndakhalapo nawo. Sindikunyada ayi. Ku koleji ndinangokhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere.

Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Nsaru. Makolo anga anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo kusukulu dzina langa linali "wa pa esiteti". Mnzanga weniweni anali pensulo. Pa buleki ndinkakhala kuseri kwa kalasi n'kumajambula pa chikuto cha kope.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu, a Mbewe, anaganiza zoti gulu la zisudzo lipange kafilimu ka mphindi zitatu pa foni yawo. Nkhani yake inali ya mayi wotsanzikana ndi mwana wake pokwerera minibasi. Vuto linali batire. Foniyo ankakatchajitsa ku Nsaru, ndipo inkazima msanga ngati moto wa mapesi. Kujambula mwachisawawa sikukanatheka. Ndiye anandiitana.

"Iwe wojambulajambula, lemba mabokosi asanu ndi atatu papepala ili. M'bokosi lililonse ujambule chimene kamera idzaone, motsatana. Tsikulo tonse tidzatsata iwe."

Mawu oti anthu adzatsata ine anali asanandigwerepo chibadwire.

M'mawa mwake ndinapereka ntchito yanga. A Mbewe anaiyang'ana nthawi yaitali. M'mabokosi ambiri munali msewu, mtengo wa mango, minibasi, ndi tianthu tating'ono ngati nyerere chapatali. M'bokosi lachisanu ndi chiwiri, momwe a Mbewe anati tione mayiyo pafupi minibasi ikunyamuka, ndinajambulamo mapazi awiri ong'aluka zidendene.

"Kodi mayi ameneyu akulira ndi mapazi?" anafunsa a Mbewe.

Tadala, amene ankasewera ngati mayiyo, anati, "Ndiye ine ndidzangosamba mapazi okha, eti aphunzitsi?" Gulu lonse linafa nako kuseka.

Sindinachite dala. Mwana wa tenanti amaphunzira kuyang'ana pansi asanaphunzire kuwerenga. Abwana a esiteti ndinkawadziwa ndi jombo zawo, akapitawo ndi chala chachikulu chakuphazi chopanda chikhadabo. A Mbewe omwewo, kwa ine, anali nsapato zofiirira zosokedwa kawiri.

Anzanga atatuluka, a Mbewe anandiuza motsitsa mawu. "Kamera imaima pamene waima iweyo. Iwe umaima patali, ukayandikira umawerama. Pita ukayang'ane munthu kumaso. Ukabwera wopanda nkhope Lolemba, pepalali ndipatsa wina."

Loweruka ndinapeza mayi anga m'chigafa akusankha fodya, masamba abwino uku, ong'ambika uko. Fumbi lake linkayabwa kukhosi. Ndinakhala moyang'anana nawo, ndi kudzutsa mutu ngati munthu wonyamula thumba la chimanga.

"Ukundiyang'ana chiyani? Ndamera nyanga?"

"Ndi za kusukulu, mayi."

"Sukulu za masiku ano."

Anapukuta kumaso ndi chitenje, nakhala chowongoka ngati ali m'tchalitchi. Posakhalitsa manja anabwerera ku fodya, ine n'kundiiwala. Apo m'pamene ndinawaona. Anali ndi kachipsera pa nsidze yakumanzere. Maso anali ofiira ndi fumbi. Milomo inkayenda pang'onopang'ono, akuimba nyimbo yosatuluka mawu. Mawu awo ndinkawadziwa, mbama yawo ndinkaidziwa bwino lomwe, koma mayi ameneyu ndinali ndisanakumanepo naye.

Lolemba a Mbewe anayang'ana bokosi lachisanu ndi chiwiri lija, momwe tsopano munali nkhope ya mayi anga, osaseka. Anangoti, "Tijambula Lachisanu."

Lachiwiri bambo anabwera ndi uthenga woti fodya watha kupita kumsika, ndipo lole yotibweza kwathu inyamuka Lachinayi. Tenanti safunsidwa ngati ali ndi filimu. Lachitatu ndinakapereka pepalalo, koma linali ndi chibowo cha ngodya zinayi, chodulidwa bwinobwino ndi lezala.

"Lachisanu ndi chiwiri lili kuti?"

"Mbuzi yadya, aphunzitsi."

Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana, kumaso ndithu. Anali ndi ndevu zoyera pachibwano. Anati, "Mbuzi yodziwa kusankha," napinda pepalalo.

Filimuyo sindinaionepo. Sindikudziwa ngati Tadala analira, kapena batire linatha minibasi isananyamuke. Mayi anamwalira patapita zaka zitatu. Chithunzi chawo chokha ndi cha pa chiphaso, pomwe akuoneka ngati akudikira chigamulo cha khoti.

Kapepala kaja ndimakasungabe. Mphuno ndi yokhota, khutu limodzi ndi lalikulu, ndipo achibale onse amagwirizana kuti nkhopeyo siifanana ndi ya mayi. Sinditsutsa. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kamera siyenda yokha, munthu ndiye amaisendeza. Ine ndinasendera kamodzi, Loweruka lina m'chigafa, ndipo kachipsera kaja kali pamalo pake.