Nthochi ziwiri za pa kilomita 30

Amuna anga a Tembo, owotcherera zitsulo ku Kalingalinga, anayamba kuthamanga ali ndi zaka makumi asanu. Miyezi isanu ankazungulira komboni ya Mtendere m'mamawa ndi chimimba chawocho, azimayi a pamsika akuseka.

Mpikisano wa makilomita 42 utayandikira, anandilembera pepala: ndikaime pa kilomita 30 ndi nthochi ziwiri ndi botolo la madzi othira mchere ndi shuga. "Amake Chiko, miyendo imafera pamenepo. Musachokepo."

Ndinaimadi. Othamanga anadutsa mpaka msewu unatsala mbee. Njala itandipweteka, nthochi zija ndinadya zonse. Kenako ndinawaona a Tembo akubwera okhaokha, akukoka mwendo, thovu lili kukamwa, malaya atamatirira pamimba. Mayi wina wogulitsa chimanga anakuwa, "Bamudala aba, bakazi bao balibe chifundo?" Anthu anaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, n'kuzembera kuseri kwa kantemba, kagolosale ka malata, botolo ndabisa m'chitenje.

A Tembo anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anaitana dzina langa kawiri, kachiwiriko mawu osatuluka bwino. Ndinkawaonera pampata wa malata, kukamwa kwanga kukununkha nthochi zawo. Anakagwa makilomita atatu kutsogolo.

Kunyumba ndinawakalipira kuti anandidutsa ine ndikukuwa mpaka kusasa mawu. Anagwetsa nkhope. "Pepani amake Chiko, m'maso munali mdima."

Chaka chino akuthamanganso. Andigulira chitenje chofiira psuu, kuti asadzandiphonyenso.