Mawu ako sindipereka, Wongani

Wongani mlongo wanga, tinakuika m'manda mwezi watha. Lero ndaonera ndekha msonkhano uja wa kampani ya mafoni, woonetsa zatsopano kwa opanga mapulogalamu ngati iwe. Chaka chatha tinaonera limodzi pachitunda ku Nchenachena. Netiweki itaduka, bambo wa pasiteji anauma kukamwa kuli yasa, iwe n'kuyamba kumulankhulira: "Yewo chomene, gulani tomato!" Ndinaseka mpaka kugwetsa foni.

Lero alengeza kuti makina awo atha kulankhula ndi mawu a munthu aliyense. Msuweni wathu akuti ndiwapatse a kampaniyo mauthenga amene unkandijambulira kuti uzitilankhulanso. Ndakana, ndipo ndidzakanabe. Makina sadzanena zimene iwe sunanene. Netiweki yadukanso lero, bambo uja waumanso. Ndangokhala chete, chifukwa mpata umenewo ndi wako.