Disiki imene inkagona bambo akakhala chete

Bambo anga anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndevu zikungomera kumene. Ananyamuka ndi mayi awo, koma pamalire a ku Marka anafika okha. Izi tonse tinkazidziwa. Chimene sitinkachidziwa ndi malo amene anawaika agogo athuwo. Ukawafunsa, bambo ankangodzuka n'kupita kukaona mbuzi.

Chaka chimene mtima wawo unayamba kuvuta, miyendo n'kumatupa, anandiitana okha. Anati tsopano akufuna kunena, koma osati pamaso pa mwana. Kwathu bambo salira mwana wake wamkazi akuona. Foni anaikana, ati ili ndi makutu ambiri. Ndiye ndinatulutsa laputopu yakale imene mchimwene wanga anandisiyira.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo za makompyuta ndimadziwa kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Laputopuyo inali yodzaza, choncho mawu ankapita mu disiki yapadera, kabokosi kakuda kolumikiza ndi chingwe. Pulogalamu yojambulira mawu inali yosamala malo: munthu akakhala chete inkaima, akayambanso inkapitiriza. Ndinaika zonsezi pampando pansi pa mtengo wa nimu, ndinayatsa, ine n'kukakhala kutali kukhonde kumene ndinkangowaona msana.

Madzulo ake ndinamvetsera. Ulendo wonse unalimo bwinobwino, midzi, mitsinje, njala. Kenako mawu a bambo akuti, "Tinafika padambo lina, mayi n'kunena kuti sangathenso." Apa mawu anadumpha, ndipo chotsatira chinali chakuti, "basi ndinanyamuka." Pakati ponse panalibe. Ndinkayesa kuti bambo alambalala dala, koma nditawafunsa anandiyang'ana mokwiya n'kundiyankha m'Chisena, "Ndalonga pyonsene." Ananena zonse.

Patapita milungu iwiri anavomera kubwereza, ndipo mawu anadumphanso pamalo omwewo. Ulendo uliwonse akanena nkhaniyi ankagona masiku awiri osafuna chakudya. Nditawauza kuti mawu adumphanso, anati, "Kachitatu n'komaliza. Chikakananso, ndipita nazo."

Sabata yomweyo kunabwera mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga uja, kudzazonda matenda. Ndinene zoona, sindinkamuwerengera. Ndi mwana wa ku Nchalo, bambo ake ankadula nzimbe, koma iye anaphunzira n'kukakhala ku Blantyre kumene amagwira ntchito ali m'nyumba, maso pa sikirini yakuda. Salankhulalankhula. Ine ndinkamuseka kuti mlamu wathu amalima patebulo, ndipo iye ankangomwetulira, zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri.

Ndinamuuza za vutoli mongodandaula, osayembekeza kanthu. Anandifunsa funso limodzi: "Asanafike pamene pakudumphapo, amakhala chete nthawi yaitali bwanji?" Ndinakumbukira msana wa bambo uli phee, nthawi yoti mbatata n'kupsa pamoto. Munthu wamkulu akakhala chete choncho sumudukiza, ndipo n'chifukwa chake sindinkayandikira.

Ndinamupatsa zomvetsera kuti amve yekha, koma anakana. "Amenewo ndi mawu a apongozi, alamu. Sanandiuze ine." Pa masiku onse amene anagwira ntchitoyi sanamvetsere ngakhale liwu limodzi la bambo. Ankangoyang'ana kukula kwa mafayilo ndi mizere imene kompyuta imalemba yokha yonena zimene yachita.

Tsiku loyamba anakhala m'nyumba, laputopu ili pa batire la sola. Ankawerenga mokweza mpaka makumi awiri, n'kukhala chete mphindi khumi, n'kuwerenganso. Anachita izi tsiku lonse ngati wozungulira mutu, ndipo palibe chinasowa. Ine m'mtima ndinati ndi zomwe ndinkanena zija. M'mawa mwake anandipempha kuti ndimuonetse malo enieni amene ndinkaika mpando. Ananyamula zonse kupita pansi pa nimu, kumene kulibe magetsi ndipo laputopu imadalira batire lake lotopa. Anawerenga, anakhala chete, anawerenganso. Manambala khumi ndi awiri oyambirira a ulendo wachiwiriwo anasowa. Ndinamuona akuseka yekha, ndipo aka kanali koyamba kumuona mano onse.

Anandifotokozera mosadzitama. Disiki ikakhala nthawi osalembedwa kanthu imagona, kuti isamadye moto. Mawu akabweranso imayenera kudzuka, koma moto ukakhala wochepa imadzuka mochedwa. Mkati mwenimweni mwa kompyuta, mu chimene iye ankachitcha kenelo, muli kapulogalamu kotchedwa dalaivala kamene ntchito yake ndi kulankhula ndi disiki. Kameneka kankagogoda, kudikira pang'ono, ndipo kakapanda kuyankhidwa kankabwerera n'kukanena kuti zalembedwa. Zili ngati munthu amene wamutuma uthenga wa maliro, wapeza chitseko chotseka, waodira kamodzi, n'kudzakuuza kuti wapereka.

"Ndiye ingoiletsani kugonako," ndinatero, "kapena tikoke chingwe cha magetsi mpaka pamtengopo. Bambo anene mawa."

Anati kugonako waletsa kale, sizinatenge ndi mphindi yomwe. Koma sakanalola apongozi kukhala patsogolo pa makina amene amanama asanapeze pamene bodzalo likuchokera. Chimene chanama disiki ili mtulo chikhoza kunamanso chingwe chikagwedezeka kapena batire likatsika.

Panapita masiku ena awiri. Miyendo ya bambo inkatupirabe, ndipo mpweya unkawachepera akalankhula. Mlamu anali duu pamkeka, akuwerenga mizere yambirimbiri yooneka ngati nyerere, thukuta lili kamukamu, chifukwa unali mwezi wa Okutobala ndipo kutentha kwa kuno sikufuna kufotokoza. Tsiku lachiwirilo mtima unandithawa. Ndinamuimirira pamutu n'kunena mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi: "Mukuchedwa chonchi chifukwa si bambo anu."

Sanakweze mawu. Anachotsa manja pa laputopu n'kundiyang'ana. "N'zoona, alamu, si bambo anga. N'chifukwa chake sindingayesere pa iwo." Ndinangopita kukatunga madzi amene sankafunika.

Anapapeza madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Anandiitana kuti ndione, ngakhale ankadziwa kuti sindimvapo kanthu. Unali mzere umodzi umene unkataya yankho la disiki osaliyang'ana. Anasintha mizere inayi yokha, kuti dalaivala azidikira mpaka disiki inene yokha kuti yadzuka, ndipo ikalephera azinena poyera kuti zalephereka. Ndinakhumudwa pang'ono. Masiku anayi onsewa, mizere inayi? Koma ndinali nditaphunzira kutseka pakamwa.

Kumanganso kenelo ija kuti mizere yatsopanoyo ilowemo kunatenga tsiku lotsatira kuyambira m'mawa mpaka masana. Laputopu inatentha moti anaikweza pa njerwa ziwiri n'kumaikupiza ndi lichero. Nditaona kuti mkono wake watopa ndinamulanda licherolo, ndipo ndi mmene ndinapepesera. Itatha anaiyesa kakhumi pansi pa nimu, batire litatsala pang'ono kufa, disiki akuilola kugona dala. Anagwedeza chingwe, anachizula pakati, kompyuta n'kudandaula pompo kuti sizinalembedwe. Pamenepo ndi pamene anati, "Auzeni apongozi."

Bambo anakhala pampando wawo m'mawa kusanatenthe. Ine ndi mlamu tinali kukhonde, aliyense akuyang'ana kwake. Ndinaona msana wawo ukukhala phee, nthawi yaitali kuposa maulendo awiri aja. Mlamu anandigwira dzanja. Patapita nthawi bambo anakweza mkono kundiitana, n'kungoti, "Pyamala." Zatha.

Ndinamvetsera ndekha kuchipinda. "Mayi n'kunena kuti sangathenso." Ndinatseka maso kudikira kudumpha kuja, koma mawu anapitirira. Ananena za mlambe wogawanika pawiri kumadzulo kwa dambolo, ndi miyala itatu imene anaika kumutu. Anati anakumba okha ndi chikwanje ndi mbale, ndipo sanathe kukumba mozama monga mmene amayenera mayi wobereka. Kenako ananditchula ine. "Dzina limene ndinakupatsa iwe ndi lawo. Ndinkafuna ndiziliitana tsiku lililonse." Ndinali nditakhala nalo dzinali zaka zoposa makumi atatu osadziwa.

Mlamu anatumiza mizere yake inayi ija kwa anthu amene amasamala kenelo, anthu amene sanawaonepo. Anamubweza kawiri kuti akonze zina ndi zina, ndipo kachitatu anailandira. Iye sanandiuze, ndinamva kwa mchimwene wanga. Bambo anatisiya mvula yoyamba isanagwe.

Chilimwe chotsatira tinawoloka pa Marka, ine, mchimwene wanga ndi mlamu, pamodzi ndi mkulu wina wa kutsidyako amene ankalidziwa dambolo. Mlambe tinaupeza. Miyala inalipo iwiri, wachitatu tinaufukula m'dothi ndi manja. Kwathu woyamba kusesa pamanda amakhala mwana wamkazi wa pabanjapo, ndipo onse anayang'ana ine. Ndinathyola tsache n'kulipereka kwa mlamu. Anabweza manja kumbuyo, ati si malo ake.

"Sesani, alamu," ndinatero. "Mukanandimvera ine tsiku lija, lero tikanasesa pati?"

Analandira tsachelo, anagwada, n'kuyambira kumutu.