Miyala ya Botolo ndi Pempho la Alamu Anga

Lachiwiri lapitali alamu anga anandipeza pakhonde nditagwada pamphero, manja ali mbuu, ndikupera matako a botolo. Musaseke, owerenga. Imeneyi ndi ntchito, ndipo chaka chino yagwera ine.

Kwathu kuno kufupi ndi Kasisi, Khirisimasi ikayandikira ana akutchalitchi amachita sewero la kubadwa kwa Yesu. Mafumu atatu aja amafuna zisoti, ndipo chisoti cha katoni chopanda miyala chimangooneka ngati chipewa cha wophika buledi. Amayi amumphakati wathu anasankha ine kuti ndipange miyalayo, ati poti ndine telala ndipo zala zanga zinazolowera kubayidwa.

Kapangidwe kake nkosavuta, kungoti kumadya zikhadabo. Ndimatola mabotolo otayidwa: obiriwira a zakumwa, ofiirira a mowa, abuluu a mankhwala a m'mimba. Ndimawakulunga m'thumba, nkuphwanya ndi nyundo, nkusankha zidutswa zonenepa za kumatako. Kenaka ndimapera pamphero ndi madzi ndi mchenga mpaka ukali wonse utatha, kuti mwana asachekeke pamphumi. Ndikapukuta ndi phulusa, kumbuyo kwake ndimamata kapepala kasiliva ka m'paketi ya fodya. Silivayo ndiye amabweza kuwala, mwala nkumachita waliwali mpaka agogo a kubenchi lomaliza nkuuona. Ndipo aliyense woutembenuza amadziwa pomwepo kuti ndi choseweretsa.

Alamuwa ndi amuna a mng'ono wanga. Dzina lawo ndisunga. Anagwira ntchito zaka zambiri pakampani ina ya boma ku Lusaka, mpaka pamene inagulitsidwa iwo nkudulidwa pamodzi ndi anzawo. Anabwerera kuno kumunda atatha thupi, kuseka kutawachoka.

Anakhala pampando nkumandiyang'ana nthawi yaitali ndikupera. Kenaka anatola mwala umodzi wobiriwira umene ndinali ndisanaumate, nkuuunika padzuwa.

"Mulamu, iyi miyala mupanga mweka?"

"Nekha," ndinatero monyadira, osadziwa kumene nkhani ikulowera.

"Nipangileniko yambili ya gilini. Koma siliva musaikeko."

"Popanda siliva siwala, alamu."

"Siifunika kuwala maningi. Ifunika chabe kuoneka monga yachoka mu mugodi. Tumadothi nizapaka nekha."

Ndinapukuta manja pachitenje nkuwafunsa maso ndi maso ngati akufuna kukagulitsa botolo langa m'tauni nkumati ndi emarodi, mwala wamtengo wapatali.

Sanakane. Anatulutsa kabokosi ka machesi m'thumba la jekete nkundipatsa. M'katimo munali timiyala tobiriwira, topakidwa dothi. Nditaunika kamodzi padzuwa ndinaona timathovu m'kati mwake, ndipo mbali ina kanali kopindika monga limapindikira botolo.

"Ili ni botolo, alamu."

"Niziba," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ndalama zanga zonse za kunchito izo muli nazo mumanja."

Mayo ine! Tonse pabanja tinkati ndalama zija anamwera, ndipo ine pakamwa panga ndiye panali patsogolo. Chonsecho anakumana ndi bambo wina wa tayi ku Lusaka, wolankhula mwaulemu, amene anati miyalayo yachokera kumigodi ndipo akugulitsa motchipa chifukwa ali pa maliro. Atapita nayo kwa ogula miyala enieni, anawaseka mpaka kuitana anzawo kuti adzaone.

"Ananidya, na ine nidyeko wina," anatero alamu. "Ndiye Zambia ya lelo. Chibale ni fupa, mulamu, sichiola. Ana a mung'ono wanu agona na njala, imwe muli bize kuvalika mafumu a katoni."

Ndinawamvera chisoni, sindibisa, mpaka misozi inalengeza. Koma ndinakana. Ndinawauza kuti chimanga m'nkhokwe mwanga chilipo, abwere ndi ngolo adzatapeko, koma mwala wopanda siliva sutuluka pakhomo panga. Ananyamuka osatsanzika, kabokosi kawo nkubwezera m'jekete.

Tsono ndikufunseni, abale anga. Chinatilowa nchiyani?

Ine chondiwawa si wakuba wa tayi uja. Akuba analipo kuyambira kale. Chondiwawa ndi mawu aja akuti ananidya, nidyeko wina. Mawu amenewa si a alamu anga okha. Ndimawamva mubasi, pamsika, ngakhale pabwalo la tchalitchi Misa itangotha. Mayi wapatsidwa chenje chong'ambika, m'malo mochibweza amachipinda bwinobwino kuti akapatsire nkhalamba yosaona. Bambo wagula feteleza wosakaniza ndi mchenga, mawa lake wasoka thumba nkugulitsa kwa mnansi wake wa kumunda. Wagula ng'ombe yodwala ku Bundabunda, aitsuka nkukaikankhira wina wa ku Nkomeshya. Aliyense akuti si ine ndinayamba.

Ndipo tinachipatsa dzina labwino. Timati madilu. Wopusitsa anzake timamuti ngochenjera, tikamuona timamugwira chanza ndi manja awiri. Wopusitsidwa ndiye timamuseka, mpaka amabisa chilonda chake m'kabokosi ka machesi osauza ngakhale achibale. Nanga munthu wosekedwa chonchi atani kuti achotse manyazi? Amafuna wina woti naye amuseke.

Kodi mukuganiza kuti miyala yonamayi amagula ndani? Olemera? Iyayi. Olemera ali ndi timagalasi tawo toyezera, sanamizika. Amagula ndi mlonda amene wangodulidwa ntchito, mlimi amene wangogulitsa chimanga, mayi wamasiye amene wauzidwa kuti ndalama za malemu zibereka kawiri. Njala ikudya njala inzake.

Wina anditsutsa kuti, inu mai telala, nanunso si mukupanga zonama? Eya, miyala yanga si yeniyeni, ndipo ndimanena ndekha. Mwana wovala ndevu za thonje m'sewero sanamiza munthu, pakuti tonse tikudziwa kuti ndi mwana wa aPhiri. Chinthu chikamanena chokha kuti ndine choyerekeza, chimenecho ndi luso. Bodza limayamba pamene wachotsa chizindikiro kuti mnzako asadziwe.

Ndinkayesa nkhani yathera pakukana kwanga. Lachinayi masana anabwera mng'ono wanga, maso ali psuu. Ndinamupatsa madzi akumwa, anangoika kapu pansi.

"Asisi, mwamukana mulamu wanu."

"Namukana."

"Manje atenga mphelo yanga. Ali kuseli kwa nyumba, apela yekha mabotolo. Anaona mwamene muchitila."

Kundiyang'ana konse kuja ali pampando, munthu ankaphunzira! Ndinadzimva ngati ndanola mpeni nkuusiya panjira.

"Napapata asisi," anatero mng'ono wanga atandigwira dzanja, "musakambe kuli aliyense. Akagulitsa chabe kamozi, tilipile sukulu, aleka."

Ndinamufunsa ngati anaonapo munthu wolawa zimenezi kamodzi nkuleka. Ndinamukumbutsanso kuti ogulitsa miyala yonama akagwidwa m'tauni sadikira apolisi, anthu amayamba ndi zibakera. Kenaka ndinamuuza chimene ndatsimikiza: dzina la mwamuna wake sinditchula, koma m'danga langa la m'nyuzipepala sabata ino ndilemba mmene munthu angadziwire botolo, kuti msika wa zimenezi ufe.

Ndiye tcherani khutu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu akakuonetsani mwala wobiriwira, musaupenye mumthunzi kapena kuseri kwa sitolo kumene iye akukukokerani. Tulukani nawo padzuwa. Mukaona timathovu tozungulira m'kati, ndi botolo. Mukaona mbali ina yopindika mosalala, ndi botolo. Ufumbateni pang'ono: galasi limafunda msanga m'manja. Ngati mukukayikabe, pemphani tupa wonolera nkhwangwa muukande. Galasi limalembeka, ndipo mwini wake akakana kuti muukande, wakuyankhani kale. Dothi lopakapo lisakunamizeni, dothi lili paliponse. Koposa zonse, munthu wothamangitsa malonda chifukwa cha maliro kapena basi imene ikunyamuka, musiyeni akwere.

Kupanga miyala sindileka, ndipo amayi amumphakati amene akufuna kuphunzira abwere, pakhonde mpotseguka. Sindingabise luso labwino chifukwa wina walikhotetsa. Koma lamulo ndaika limodzi: mwala ukangochoka pamphero, siliva pomwepo, guluu wochuluka, woti pomatula uswe mwalawo. Chimanga chija ndatumiza kale kwa mng'ono wanga, ndipo chikatha ndidzatumizanso. Alamu akafuna ntchito ya manja, maukwati alipo ofuna zokongoletsa, tidzagwirira limodzi poyera.

Mng'ono wanga poimirira Lachinayi lija anandiuza kuti ndikalemba zimenezi ndiiwale kuti ndili ndi mbale. Ife awiri tinabadwa motsatana, tinachoka limodzi ku Katete tili atsikana, ndipo Lamlungu lililonse timakhala benchi limodzi. Lamlungu likudzali mwina ndikhala ndekha. Zikundipweteka kwambiri, ndipo polemba pano mtima suli m'malo.

Koma bambo amene akanagula miyala ija naye ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo ali ndi mkulu wake ngati ine. Mayi ameneyo akanadzandipeza nkundifunsa kuti, munkadziwa, nanga munakhaliranji chete, ndikanamuyankha kuti chiyani?