Galimoto Zitatu Kukafuna Sinowo

Unyolo unakana kulowa. Alamu anga a Chirwa anagwada pa tayala lakumbuyo, foni ili pansi ikuwaphunzitsa, iwo thukuta kamukamu m'nyengo yozizira. Anali atagula unyolo wokulunga pa tayala kuti lisaterereke pa ayezi, koma unali wa tayala laling'ono. Anauponya m'buti nati tikaona komweko. Tinanyamuka ku Maddington, kuno ku Perth, dzuwa litapendeka.

Nkhani inali iyi. Alamu anamaliza maphunziro awo aakulu napeza ntchito ku Canada, yoti akayambe malire akatsegulidwa. Inali nthawi ya kolona, boma la kuno litatitsekera ngati mbuzi m'khola. Achemwali anga a Esinati anakana kusamuka. Anati sangapite kukafera pa msewu wa ayezi ndi mwamuna amene amagunda geti la pakhomo pake masanasana. Alamu anati awaonetsa. Akayendetsa bwino pa sinowo, chipale choyera chija timachiona m'mafilimu, apita onse. Akalephera, nkhani yathera pomwepo.

Ine ndinkafuna alephere. Achemwali ndi amene anandibweretsa kuno. Sabata yonse ndimanyamula makatoni, Lamulungu ndimadya kwawo. Wina wa magazi anga kuno kulibe.

Ku Perth sinowo sagwa. Koma kum'mwera kuli phiri lotchedwa Bluff Knoll kumene nthawi zina amagwa pang'ono, ndipo a zanyengo anati m'mawa wake agwa. Galimoto zinali zitatu. Ya alamu inali chigalimoto chachitali chokoka ndi matayala onse anayi, chokhala ndi batani lojambulidwa kachizindikiro ka sinowo. Batanilo anali atationetsa aliyense payekhapayekha. Yachiwiri inali ya Tembo, mnzawo wa ku Lusaka, yofiira, mimba pafupi ndi pansi, yokankha ndi matayala akumbuyo. Iye sanaitanidwe. Anangomva kuti kuli mpikisano. Yachitatu kanali kagalimoto ka achemwali kokoka ndi akutsogolo, kamene amayendera kokasamalira nkhalamba. Ine ndinakwera m'menemo.

Titadutsa Armadale nyumba zinatha, kenako mitengo, kenako nkhosa. Nkhosa zambiri. Ku Williams tinaima kumwetsa mafuta. Tinajambula kapepala ka pakhomo ndi foni monga mwa lamulo la nthawiyo, tinapaka mankhwala m'manja, tinagula mapayi a nyama. M'kati mwa yanga nyama ndinaifunafuna. Alamu ndi Tembo anatsutsana mpaka tiyi kuzizira. Alamu ankati mphamvu ikagawidwa panayi galimoto singaterereke. Tembo ankati zonsezo n'za anthu amantha.

"Bamudala, motoka ni dilaiva," anatero kwa ine. "Ine nikagwila chiongolelo, ayisi imamvela."

Ndinamufunsa kumene anamuona ayeziyo. Anati mufiriji.

Mayi wogulitsa anafunsa kumene tikupita. Titamuuza anayang'ana nsapato za Tembo, zosongoka, zonyezimira, natifunira mafuno abwino.

Tinagona ku Kojonup, m'nyumba ya alendo. Malo oimika anali atadzaza ndi anzathu ofuna sinowo, choncho tinaimika kuseri, pa kapinga wotsetsereka. M'mamawa kapingayo anali mbuu ndi chisanu. Ukaponda ankalira ngati mapepala. Magalasi onse atatu anali ataundana. Achemwali anatulutsa kakhadi ka m'sitolo n'kuyamba kupala. Tembo anati imeneyo ndi ntchito ya akaidi. Analowa m'chipinda, anatuluka ndi ketulo yowira, anathira pa galasi la galimoto yake. Galasi linati the, mng'alu kuchoka pakona mpaka pakati. Anaima ndi ketulo m'manja nati unalipo kale.

Kagalimoto ka achemwali kanakwera kapingayo pang'onopang'ono, osadandaula, chifukwa injini imatsamira pa matayala omwe akukokawo. Ya Tembo inabangula. Matayala akumbuyo ankazungulira pamalo amodzi, matako a galimoto akugwedezeka uku ndi uku ngati wovina chitelele. Kumbuyoko kunalibe cholemera. Cholemera ndinakhala ine. Anandikhazika m'buti, miyendo panja, ndipo tinatuluka.

Alamu anadikira kuti tonse tiyang'ane. Anatsitsa galasi, anakweza chala, anadina batani. Chigalimoto chinakwera ngati palibe kanthu. Ndinene zoona, chinakwera bwino. Achemwali anangoti, "Ehe."

Kuchokera pamenepo alamu sanalinso munthu. Anatsogola, liwiro lake ngati akuthamangitsidwa. Titapitirira Cranbrook tinalowa msewu waung'ono wa m'minda. Dzuwa linali lisanafike m'zigwa. Pa kamlatho kena, pamthunzi, phula linkanyezimira, ndipo kutsogolo kwake msewu unkakhota. Tinaona magetsi a mabuleki a alamu akuyaka. Msewu unakhota. Alamu sanakhote. Chigalimoto chinapita molunjika, mwaulemu, mpaka mphuno m'ngalande.

Achemwali anachotsa phazi pa mafuta kutali, osaponda buleki, tinawoloka, anaima patsogolo. Tembo anabwera cham'mbali ngati nkhanu, maso ali tong'o, koma anapulumuka. Atatuluka anati anachita dala.

Alamu sanavulale. Anali m'kati akudinabe batani.

Mlimi wina anabwera ndi thirakitala, galu ali pambali. Anaima patali monga tinkachitira masiku amenewo. Alamu anayamba kumufotokozera za mphamvu yogawidwa panayi. Mlimiyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati matayala anayi amathandiza ponyamuka, koma poima galimoto iliyonse ili ndi anayi omwewo, ndipo yolemera ndi imene imavuta. Anawakoka. Bampala inalendewera. Tinaimanga ndi unyolo uja. Ntchito unaipeza.

Ine ndinali wokondwa. Ndinagawira aliyense mabisiketi, ndi galu yemwe.

Tinafika pansi pa phiri dzuwa litakwera. Tinalipira polowera, tinaima pa mzere wa galimoto, tinapeza malo. Pamenepo ndi pamene msewu umathera. Sinowo anali pamwamba penipeni, kachigamba koyera ngati ufa wotayika. Kumeneko galimoto sifika. Amapita ndi miyendo. Palibe mwa ife amene anafunsa zimenezi tisananyamuke, ngakhale wa maphunziro aakulu.

Tembo anayang'ana nsapato zake n'kubwerera m'galimoto. Alamu anati ayang'anira bampala. Ine ndi achemwali tinayamba kukwera. Njira yake ndi masitepe a miyala osatha, mphepo ikucheka makutu. Azungu ankatsika ndi ana pamapewa, mphuno zili psuu, akuti tifulumire sinowo akusungunuka. Pakati pa phiri bondo langa linakana. Ndinabwerera. Achemwali anapitirira okha, chitenje chili pamwamba pa thalauza.

Pansi ndinakhala pa mwala n'kumaganiza zimene ndaona. Yokankha ndi akumbuyo imavina. Yokoka ndi onse anayi imanamiza mwini wake. Yaing'ono imafika, ngati woyendetsa ali ndi mantha okwanira. Ndinaona kuti ulendo wayenda bwino. Lamulungu langa linali lotetezeka.

Achemwali anatsika masana, atanyowa mpaka m'mawondo, akuseka okha. Kuseka kotero ndinakuona kalekale tili ana. M'manja anali ndi kontena imene tinabweretsera mpunga.

"Achimwene, gwirani."

Ndinagwira. Munali madzi, ndi kachibulumwa koyera kakuyandama.

Anati pamwambapo panali zii, ngakhale mphepo inaleka, ndipo tinthu toyera tinkawagwera pa malaya osamveka. Anati zaka zonsezi akhala akuopa chinthu chimene sanachigwirepo. Alamu anayandikira, mutu uli pansi, nayamba kupepesa za ngalande.

"Inu a Chirwa mwalephera, zimenezo tisakambirane," anatero achemwali. "Koma ku Canada tikupita. Woyendetsa ndidzakhala ine. Inu muzidzakhala pambali ndi batani lanu."

Tembo anaomba m'manja. Alamu anamwetulira ngati apambana ndi iwo.

Achemwali anatembenukira kwa ine, makiyi a kagalimoto ali m'manja.

"Aka tidzakusiyirani. Muzidzapitira ku ntchito, ndi kulikonse mungafune Lamulungu."

Ndinayang'ana makiyiwo. Ndinayang'ana m'kontena. Kachibulumwa kaja kanali katatha. Ndinaika kontenayo pa boneti, ndinapisa manja m'matumba, n'kuyamba kutsika ndi msewu wapansi.